Zibowo Zimene Edesi Anamata

Inu amene mapazi amakuyabwani mukangomva kuti kwinakwake kuli katundu wotchipa, sendererani kuno, chifukwa nkhaniyi ndi yanu. Ndi ya Edesi Namaona wa ku Bangwe, amene anthu a mumsika wa Limbe ankangomutcha Mayi Zidole.

Edesi sankagulitsa zidole zamasiku ano zija zimathyoka mwana asanafike nazo pakhomo. Zake zinali zakale, za nthawi imene amuna ankapita ku migodi ya ku Joni n'kubwerako ndi masutikesi achitsulo: tigalimoto tamalata topiringa ndi kiyi, agalu ogwedeza mutu, anyani oimba ng'oma, zidole za masaya ofiira zotseka maso ukazigoneka. Zinthu zoti ife tikaziona padzala timangozikankha ndi phazi, azungu ndi eni malo ogona alendo ankazilimbirana. Iye anatulukira zimenezi mwangozi, tsiku limene anagulitsa kagalu kamalata ka malemu bambo ake, ndipo kuyambira pamenepo anagwidwa nthenda yosamva mankhwala. Anzake ankati amatha kununkhiza chidole chakale chili pansi pa bedi la munthu, m'mudzi woti sanafikemo chibadwire.

Luso lenileni analitengera kwa bambo akewo, amene anali okhoma zidebe. Edesi ankadziwa kusungunula mtovu pa mbaula, kumata chibowo, kupala ndi kupaka penti mpaka mwini wake yemwe osazindikira pamene panali bala. N'chifukwa chake ankakonda zowonongeka. Chinthu chikakhala ndi chilema mtengo umatsika, ndipo chilemacho kwa iye inali ntchito ya madzulo amodzi.

Amuna ake ankayendetsa thiraki ya ku Beira, pakhomo ankaoneka mwa apo ndi apo. Masiku ambiri m'nyumbamo ankakhala awiri, iye ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Tawina, kamtsikana ka zaka zisanu kosatseka pakamwa. Mwana ameneyu anabwera Edesi atapita padera kangapo, ndipo ankamusamala ngati dzira.

Tsiku lina m'chilimwe Edesi anazungulira midzi ya kuseri kwa Namadzi, kumene kunali maesiteti akale a fodya. Anagogoda makomo ambiri, anamwa thobwa wa eni ake mpaka mimba kutupa, koma chimene anapeza ndi kagudumu kamodzi ka sitima ndi mutu wa chidole wopanda thupi. Dzuwa lili paliwombo anabwerera kumsewu atakhumudwa, n'kukhala pansi pa mtengo kudikira minibasi.

Sanamve mapazi. Anangoona chithunzithunzi chagwera pa miyendo yake, ndipo atadzutsa mutu anapeza bambo wamtali ataima, atavala jasi lalitali ndi jombo za kumgodi, kutentha konseko. Nkhope yake Edesi sanathe kuikumbukira pambuyo pake, ngakhale anayesetsa. Chimene anakumbukira ndi thumba la chiguduli limene bamboyo anatula pansi mosamala kwambiri.

"Ndinu mukufuna zoseweretsa za ana aja, mayi?"

Thumba litamasulidwa, Edesi anaiwala ludzu. Munali nyani wa jekete lofiira ndi ng'oma yake, sitima ya mabogi atatu, kabasi kamalata ka nkhope za anthu zojambulidwa m'mawindo, galu wogwedeza mutu, kambalame kapakiyi, tizidole ta zipewa, zonse za mtundu umene iye ankangouona pa zithunzi za mufoni. Pansi penipeni panali chidole chachikulu, msinkhu wa khanda, cha tsitsi lachikasu lopotanapotana ndi diresi labuluu lofwifwa. Uku ndiye kunali kutola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Koma wamalonda saonetsa mano. Anakwinya nkhope, n'kuyamba kutembenuza chimodzichimodzi kufuna zilema zoti atsitsire mtengo, ndipo sanavutike kuzipeza. Chilichonse chinali ndi chibowo chimodzi, china kunsi, china kumsana, ndipo m'mapindiro monse munali dothi lofiira louma. Anazisonyeza kwa bamboyo akupukusa mutu monga mwa chizolowezi chake, nanena kuti katundu wobooka chonchi ndani angamufune. Bamboyo anangomuyang'ana. Sanatchule mtengo, sananenerere, analandira zimene anapatsidwa osaziyang'ana n'komwe.

"Eni ake sadzanditsatira kudzazifuna?" anafunsa Edesi moseka, akumanga thumba.

"Eni ake ali phee, mayi. Anasiya kalekale kusewera."

Minibasi inatulukira nthawi yomweyo, ndipo Edesi anakwera mtima uli dyokodyoko. Kondakitala anasuzumira pampando umene anakhala, nati, "Mayi, anawo muwanyamule pamiyendo, malo ndi ochepa." Edesi anaseka chikhakhali poganiza kuti waona mwendo wa chidole utatulukira pathumba. Kondakitalayo sanaseke nawo. Ndipo ngakhale minibasiyo inadzaza mpaka ena kupachikika pakhomo, panalibe amene anakhala pambali pake mpaka ku Limbe. Iye anangoti ndi mwayi wa tsikulo, natambasula miyendo.

Kunyumba anayala chitenje pabalaza n'kukhuthula thumba. Tawina anavina mozungulira akuomba m'manja, koma lamulo ankalidziwa, loti katundu wa amayi ndi wa maso osati wa manja. Edesi anajambula zonse n'kutumizira makasitomala ake, ndipo asanasambe n'komwe foni inayamba kulira osapuma. Wina ankafuna sitima, wina ankalumbira kuti nyani ndi wake, wina ankapempha kuti asagulitse kanthu iye asanafike. Edesi ankayankha onse mokoma, uku akukoleza mbaula.

Anayamba ndi nyani. Kiyi wake anali atauma ndi dzimbiri, ndipo Edesi anali atavomereza kale kuti ameneyu adzangokhala wokongoletsa pashelefu. Anatsuka dothi, anapala m'mbali mwa chibowo, nadonthezapo mtovu. Mtovuwo utangozizira, nyani uja anagwedezeka m'manja mwake n'kuyamba kuimba ng'oma, tititi, tititi, popanda womupiringa. Edesi anadumpha, kenaka anagwa nako kuseka. Anati kutentha kwa chitsulo chomatira kwamasula sipuling'i, ndipo iye ndi Tawina anavina ng'omayo mpaka inaleka yokha.

Chidole chachikulu chija chibowo chake chinali kumsana, pansi pa diresi. Anachitseka ndi guluu wosakaniza ndi utuchi, anapakapo penti yofanana ndi khungu lake, anachapa diresi n'kupesa tsitsi. Pochinyamula kuti achione bwino, maso aja anatseguka pang'onopang'ono, abuluu, owala ngati agulidwa dzulo, ndipo m'chifuwa mwake munatuluka kamawu kakang'ono koti mama. Edesi anagwetsa misozi ya chimwemwe. Anathamanga kukaitana mnzake woyandikana naye nyumba, mayi Nachanza, kuti adzaone zimene manja ake achita. Nachanza anaima pakhomo, anayamikira, koma anakana kuchigwira.

M'mawa mwake kunabwera mzungu wina wamkazi, kasitomala wake wakale, amene ntchito yake kuno inali itatha ndipo ankabwerera kwawo sabata yomweyo. Galimoto yake inavutika ndi mabampu a ku Bangwe, koma atachiona chidolecho anaiwala zonse. Anachikumbatira, anapereka zimene Edesi anatchula osatsutsa, napita nacho. Tsiku limenelo pakhomo panaphedwa nkhuku, Tawina anagulidwa nsapato zowala, ndipo Edesi anayamba kuyang'ana denga lake lodontha ndi maso a munthu amene akulitsanzika. Zotsalazo anaganiza zoyamba wazisunga kuti ogula apikisane bwino. Madzulo aliwonse ankamata chimodzi kapena ziwiri akuimba nyimbo za kwaya, mpaka mtovu unamuthera kutatsala kabasi kokha.

Zachilendo zinayamba pang'onopang'ono. M'mawa wina anapeza zidole zonse zimene anamata zitatsika pashelefu, zitakhala pansi mozungulira monga amakhalira ana pamasanje. Kabasi kokha ndiko kanali pamalo pake. Anakalipira Tawina, koma mwanayo anati si iye, ndi anzake. Edesi anayang'ana shelefuyo, imene iye mwini ankaifikira atanyanyamphira, n'kuganiza kuti mwana wakwera pampando.

Kenaka shuga anayamba kutha msanga. Masipuni ang'onoang'ono anasowa, n'kukapezeka kuseri kwa nyumba pamodzi ndi tizitsekero ta mabotolo todzaza dothi, toikidwa bwinobwino pamzere ngati ndiwo zogawidwa. Dothilo linali lofiira, pamene la pakhomo pa Edesi ndi lotuwa. Tsiku lina Nachanza anamuimitsa pampopi n'kumudandaulira kuti alendo ake aang'onowo aziwauza azisewera mwakachetechete, chifukwa dzulo masana iye analephera kupumula ndi phokoso la kuthamangitsana. Dzulo lakelo nyumba inali yokhoma, Edesi ali kumsika ndi Tawina yemwe. Edesi anangoyankha kuti ndi nyani uja, sipuling'i yake ili ndi misala. Munthu zikamamuyendera makutu amagontha, ndipo foni ya Edesi inali ikulirabe.

Chimene sanathe kuchiseka ndi Tawina. Mwana wolongolola uja anayamba kuchepa mawu. Ana a pamzerepo akabwera kudzamuitana ankawabweza, ati ali kale ndi anzake. Chakudya ankachigawa timagawo n'kutiika m'mbali mwa khoma, iye n'kudya kotsala. Masana ankangosinza, manja ali ozizira ngakhale kunja kukutentha. Kuchipatala anamuyeza malungo osawapeza. Nthawi zina ankayankhula yekha mawu a chilapalapa cha kumigodi, amene Edesi anawamva komaliza kwa malemu bambo ake, amene nawonso anagwirako ntchito ku Joni, akakhuta mowa. Ndiye tsiku lina akumusambitsa, mwanayo anafunsa kuti, "Amayi, chikuku chimapweteka kwambiri?" Edesi anamufunsa kumene wamva mawu amenewo, koma iye anangoyang'ana madzi.

Madzulo ena kuli chisisira, Edesi akuchokera kotunga madzi, anaima pafupi ndi windo la pabalaza. M'katimo munkamveka ana, ambiri ndithu, akuseka motsitsa mawu monga amachitira ana akaba shuga. Ng'oma ya nyani inkalira, sitima inkayenda pasimenti. Koma pansi pa kusekako panali kulira kwa mwana mmodzi, kulira kotopa, kwa mwana amene walira nthawi yaitali popanda womutonthoza. Edesi anatula ndowa madzi n'kutayikira, nakankha chitseko.

Tawina anali yekha. Anakhala pansi pamodzi ndi zidole zozungulira zija, ndipo pambali pake panali mpata woti n'kukhalapo mwana wina. Galu anali akugwedezabe mutu.

"Amalira ndani muno?"

"Ndi uja munagulitsa mwana wake," anatero Tawina osatembenuka.

Edesi analongedza zidole zonse zimene anamata m'thumba, analimanga ndi chingwe n'kulitsekera m'chipinda chosungiramo makala, ndipo anagona atamukumbatira mwana wake. Kutacha anazipeza pabalaza, zitakhala mozungulira.

Tsiku lomwelo kunatulukira alamu ake, a Gelevazio, akulu awo a amuna ake, amene anabwera m'tauni kudzagula zipangizo za njinga. A Gelevazio anali munthu wa nthabwala, ndipo kumudzi kwawo ku Chingale ndiwo ankatsogolera adzukulu, anthu okumba manda aja. Analowa akufuula kuti amva zoti mkazi wawo walemera, ndiye abwera kudzalowa chokolo mng'ono wawo ali moyo. Edesi anayesa kuseka, nawaikira madzi a tiyi. Iwo anayendayenda pabalaza akusirira katunduyo, akuti azungu ndi anthu odabwitsa, kugula zinyalala pamene iwo ali ndi nkhokwe yathunthu ya mapoto othyoka. Kenaka ananyamula kabasi kaja n'kukatembenuza.

Nthabwala zinathera pomwepo. Anaika chala pachibowo, anakabweza kabasiko pashelefu mosamala, natuluka panja kukasamba m'manja. Atabwerera anakana tiyi, nafunsa ngati zinazo zinalinso ndi zibowo. Edesi anati zonse, chimodzichimodzi, koma iye wazimata bwinobwino moti sangapaone.

"Alamu, chibowo ichi si cha dzimbiri. Ndi msomali, kumenya kamodzi. Ine ndaboola zambiri ndi dzanja langali."

Edesi anabadwira m'tauni ndipo anakulira m'tauni. Maliro onse amene anapitako, pamtumbira ankaikapo nkhata zamaluwa basi. Choncho a Gelevazio anachita kumufotokozera ngati mwana, kuti kumidzi yambiri munthu akaikidwa, mbale yake, kapu yake, kaya n'chiyani chimene ankachikonda, adzukulu amachiboola n'kuchisiya pamtumbira. Ena amati n'kuopa akuba, ndipo n'zoona ndithu. Koma iwo anauzidwa ndi amene anawasiyira ntchitoyo kuti chinthu chikabooledwa chafa nachonso, chatsata mwini wake kumene wapita.

"Ndiye inu mwazimata," anatero. "Mwaziukitsa. Nanga mwana, chidole chake chikadzuka n'kukwera minibasi ya ku Bangwe, iyeyo atsala?"

Edesi anayang'ana Tawina, amene anali atagona pamkeka masanasana, milomo itauma. Mantha amene anamugwira sanali a mizimu ayi. Anali oti mwana wake akupita, iye akuona, ndipo wamutsegulira njira ndi manja ake omwe.

A Gelevazio anati mankhwala ake ndi amodzi: chilichonse chibwerere pamtumbira pake, chibooledwenso. Anafunsa ngati zonse zilipo. Edesi anatola foni n'kuimbira mzungu uja, koma nambala yake ya kuno inali itazima. Anamulembera pa nambala ya kwawo, akupempha, akulonjeza kubweza zonse ndi kuwonjezerapo. Yankho linabwera madzulo, laulemu kwambiri, lopepesa. Chidolecho anali atachigulitsa kale pa msika wina wa zinthu zakale, kwa munthu wongodutsa amene sanamufunse ndi dzina lomwe.

Za kumene kuli mandawo sanavutike kufufuza. A Gelevazio anagwada pafupi ndi mkeka n'kumufunsa Tawina mofatsa kuti anzakewo kwawo n'kuti. Mwanayo, maso ali chitsekere, anati akuti mukatsike pa mtengo umene amayi anakhalapo, mukatsate njira ya ngolo, mukadutse zigafa za fodya zakugwa, kwawo ndi m'mabulugamu.

Ananyamuka m'mamawa, Tawina atamusiya kwa Nachanza, pakuti mwana salowa kumanda. Edesi anatenganso chidole china cha m'katundu wake wakale, chokongola kuposa zonse zimene anali nazo, choti chikalowe m'malo mwa chogulitsidwa chija. Thumba limene tsiku loyamba analinyamula ndi dzanja limodzi, tsopano ankachita kugwirizana awiri, ndipo pofika pa zigafa onse anali thukuta kamukamu. Pamenepo anapeza bambo wina akusosa m'munda. Iye anawauza kuti m'mabulugamumo muli manda a ana a pakomboni ya esiteti, amene anatha ndi chikuku chaka china kalekale, esiteti isanatsekedwe, ndipo makolo awo anabalalika. Atamufunsa za munthu wa jasi ndi jombo, bamboyo anatola khasu lake n'kumapita, munda osaumaliza.

Pamphepete pa mitengo a Gelevazio anavula chipewa, anagwada, naomba m'manja kupempha malo. Kenaka analowa. Munali mozizira, mopanda ndi mbalame yomwe. Mitumbira inali ing'onoing'ono, yophwa ndi mvula za zaka zambiri, ndipo apa ndi apo pankaoneka timbale ndi timakapu tadzimbiri, tonse tobooka pansi. Pamwamba pa mitumbira ina panali timaenje tatsopano, pamene chinthu chinakhala zaka zambiri n'kuzulidwa posachedwa.

Edesi ndiye anazindikira kuti timaenjeto tili ndi maonekedwe. Aka kanali kakatali, ka mabogi atatu. Aka kanali ndi mapazi awiri ndi malo a ng'oma. Diso lake lija la pamsika linadzuka, ndipo ngakhale anali ndi mantha, mtima unayamba kumugunda monga umachitira akakhala pa msako. Ankathamanga uku ndi uku akuitana alamu ake kuti galu ndi wa apa, kambalame ndi ka apo. A Gelevazio ankabwera ndi msomali ndi mwala, kumenya kamodzi pamene iye anamata, ndipo chinthucho chinkalowa m'kaenje kake ndendende. Zinamupweteka kuona ntchito yake yosalala ikubooledwa, makamaka nyani, amene analeka ng'oma yake pakati msomali utalowa. Koma chilichonse chikaikidwa, thumba linkapepuka koposa kulemera kwa chinthucho, ndipo Edesi ankamva ngati wina wamumasula chingwe pachifuwa.

Pomaliza panatsala mtumbira umodzi, wakumapeto, pansi pa mtengo wopindika. Kaenje kake kanali kakakulu, msinkhu wa khanda. Edesi anatulutsa chidole chimene anabweretsa, anagwada, napepesa ndi mawu onse amene anawapeza. Anati analakwa mosadziwa, anati ichi n'chatsopano kuposa chija, tsitsi lake n'lalitali, nsapato zake zilipo zonse. A Gelevazio anachiboola n'kuchigoneka m'kaenjemo. Chinali chachifupi, m'mbali munatsala malo.

"Mwana amadziwa chake, alamu," anatero motsitsa. "Koma tayesa."

Pobwerera Edesi sanakhale chete ngakhale pang'ono, mantha ndi chiyembekezo zikulimbana. Atangokhota pa mzere wa nyumba zawo anamva mawu amene anawasowa, Tawina akulongolola. Anali panja, akudumpha chingwe ndi ana a pamzerepo, nsapato zowala zija zili mbuu ndi fumbi. Nachanza anati mwanayo anadzuka dzuwa litakwera, napempha chakudya, ndipo chiyambire sanatseke pakamwa. Edesi anamunyamula, anamupsompsona, manja ake anali ofunda. Analira, anaseka, anavina pabwalo anthu akuona. A Gelevazio nthabwala zawo zinabwerera, anati malipiro awo ndi nkhuku yathunthu pamodzi ndi mwini nkhukuyo, ndipo anathamangira basi ya kwawo dzuwa lisanapendeke.

Madzulo Edesi anaphika phala lothira nsinjiro, limene mwanayo ankalikonda. Analipakulira m'kambale kake kachitsulo, nakhala naye pakhonde kuti amuone akudya. Tawina anadya masipuni angapo akusimba za chingwe, kenaka anayang'ana pa miyendo yake. Phala linali likudontha pa diresi.

Edesi anamulanda kambaleko n'kukatembenuza. Pakati penipeni panali chibowo chimodzi, chatsopano, m'mbali mwake mukuwala. Msomali, kumenya kamodzi.

"Anzanga onse apita," anatero Tawina akunyambita sipuni. "Watsala mmodzi. Akuti chija mwamusiyira si chake. Akuti poti alibe wosewera naye, ndizipita naye ineyo, wandikonzera kale mbale."

Akunena zimenezi, Edesi anamugwira dzanja. Linali litayambanso kuzizira.

Sanakuwe, sanaitane munthu. Anakumbukira mawu a alamu ake, oti chobooledwa chatsata akufa ndipo chomatidwa chabwerera kwa amoyo, ndipo pa zinthu ziwirizi chimodzi iye ankachidziwa kuposa wina aliyense m'Bangwe. Anathamanga kwa wokhoma zidebe wa pamsika kukapempha kachidutswa ka mtovu, anakoleza mbaula, anapala m'mbali mwa chibowo, namata. Mtovu utazizira anagwiranso dzanja la mwana wake, amene anali atagona pamkeka. Linali lofunda.

Kutacha chibowo chinalipo, pambali pa chigamba cha dzulo. Anamatanso.

Anayesa zonse zimene inu mukuganizazo. Anakataya kambaleko kumtsinje n'kugula kena, koma katsopanoko kanabooka m'mawa mwake, ndipo tsiku limene anakasiya kosamata kuti aone, pofika masana Tawina anali atagona osayankha. Anaitana a mpingo, anapemphera mpaka mawu kusasa. Anasamuka ku Bangwe kupita ku Chilomoni, ndipo chibowo chinasamuka nawo. Amuna ake poyamba ankati ndi misala ya akazi, koma atadzionera okha, ulendo uliwonse wa ku Beira ankabwerako ndi mtovu.

Papita zaka tsopano. Edesi akugulitsabe zidole zakale, ndipo mukamupeza pa benchi lake adzakusekererani n'kukuonetsani nyani wina, galu wina, maso akuwala ngati kale. Kungoti chilichonse amayamba wachitembenuza, ndipo chobooka sachigwira ngakhale mutamupatsa chaulere. Pafoni pake amayang'anabe misika ya kunja, kufuna chidole cha diresi labuluu chokhala ndi chigamba kumsana. Tawina anakula, ndi namwali wamtali wolongolola, akuphunzira za unamwino, ndipo za anzake a chaka chija sakumbukira kalikonse. Kambale kaja kalemera ndi zigamba, chitsulo chake chenicheni chatsala m'mphepete mokha. M'mawa uliwonse, anthu asanayambe kupita kumpopi, utsi wa mbaula umakwera kuseri kwa nyumba ya Edesi.

Chimene chikumusowetsa mtendere masiku ano ndi maso. Ayamba kuchita nkhungu, ndipo chibowo amachipeza ndi chala. Ndiye patchuthi chapitachi anamukhazika Tawina pafupi ndi mbaula, namugwiritsa chitsulo chomatira. Mtsikanayo anaseka, ati iye adzakhala namwino, za zidebezi adzapita nazo kuti, ndiponso kambale konyansaka bwanji osangokataya.

Edesi anamugwira dzanja n'kuliwongolera pa chibowo.

"Phunzira, mwanangu," anatero. "Likubwera tsiku loti uzidzadzimatira wekha."